Mbale ya a Banaba pa Thandala la Usipa

Iwe Luwiza, tula pansi chimenecho! Ayi, osati pamchenga, mwana iwe, patebulo apo. Wachiyesa chodzikupizira? Ha! Mwangofika dzulo kudzadya feriya, tchuthi chanu cha sukulu, lero mwayamba kale kupalasa kunsi kwa bedi langa ngati nkhuku. Pitani mukasambe m'manja nonse atatu, ndi sopo, ndakuonani mukudya usipa wokazinga. Mukatero mudzakhale pano pakhonde. Tomasi, foni yakoyo ilowe m'thumba. Ikalira ndiiponya m'nyanja, ndipo amayi ako akandifunsa ndiwauza kuti yapita kukawedza.

Eya, khalani. Chakuda chozungulirachi ndi mbale, koma si yodyera ayi, ndi mbale ya nyimbo. Bokosi lofiirali ndi galamafoni. Inu ana a masiku ano nyimbo mumazisunga m'kanthu konga chikhadabo, zambirimbiri, ndipo simumvetsera ngakhale imodzi mpaka kumapeto. Ife mbale yaing'ono ngati iyi inkanyamula nyimbo ziwiri basi, ina kuno ina kuseri, ndipo mudzi wonse unkaziloweza.

Taonani mmene ndagwirira. M'mphepetemu, ndi zikhatho, chala chisakhudze pakati. Mukuona timizere tozungulirati? Mawu amagona mmenemo. Chala cha mafuta chikadutsapo fumbi limamatirira, ndiye singano ikamayenda mumangomva thethethe, ngati chimanga pachiwaya. Popukuta, kansalu kofewa, kutsata mizere mozungulira, osati kuidula. Ikada kwambiri, madzi a mvula kapena owiritsa. A m'nyanja ali ndi mchenga. Posunga ziziima chilili, osazisanjikiza. Ndipo dzuwa... Marita, usaseke. Nkhani ya dzuwayo ndiyo ndakukhazikirani pansi, ndipo makolo anu saidziwa yonse, poti ine sindinawauze.

Galamafoniyi poyamba sinali yanga. Inali ya akulu anga a Banaba, amene inu simunawaone, ngakhale makolo anu sanawaone. Kwathu tinabadwa awiri, iwo ndi ine, kuno ku Msumba, ndipo anandisiya ndi zaka khumi. Ine ndikadali wamng'ono iwo anapita ku Halale kukagwira ntchito, monga ankachitira anyamata onse osafuna kukalamba ndi nkhafi m'manja. Ulendo wake unali wa masabata: boti mpaka kutsidya, kenako wapansi, kenako sitima ya pamtunda, kamba wake chinangwa chootcha ndi nsomba zouma. Inu mukakwera shapa, kaminibasi kaja, maola atatu mumatsika mukutsimphina ngati mwachokera kunkhondo.

Asanapite anali atakwatira kale. Mkazi wawo anali wa ku Meluluka, mwana wa Asilamu amalonda, dzina lake Abiti Saidi. Nkhani inavuta, ee, mnyamata wa kumishoni ndi mwana wa kumzikiti! Koma a Banaba anali munthu woti akayamba kuseka, mlandu umatha wokha. Anawatenga chitengwa, alamu angawo n'kudzakhala kuno ndi amayi. Mwana sanamuone. Anadikira mwamuna wawo zaka zisanu ndi chimodzi, akulima chinangwa ndi kuyanika usipa.

Tsiku lobwera, a Banaba anatsika m'boti atasenza bokosi ili pamutu, sutikesi ya zovala atasiyira ena. Mbale anabwera nazo khumi ndi zinayi, zazikulu ndi zazing'ono. Koma imodzi, iyi imene Luwiza amadzikupiza nayoyi, inali ina. Ku Halale kuja iwo ndi anzawo a kunyanja anali ndi kagulu koimba Loweruka kukomboni, magitala awiri ndi botolo logogoda ndi msomali. Mzungu wina wa mbale anawamva, n'kuwajambula kamodzi kokha. Akuti sizinayende malonda, ndipo kagulu kanatha. Koma imodzi inafika ku Msumba, ndipo woimba mmenemo ndi a Banaba.

Nyimbo yake ndi yachibwana ndithu. Munthu ali m'bwato, akupempha mwera kuti ugone pang'ono, chifukwa wanyamula sopo wa mkazi wake ndipo anyowa. Kumapeto amatchula dzina, "Abiti Saidi, tsegula," n'kuseka. Kusekako sikunali kwa m'nyimbo, kunangowapulumuka, ndipo mzungu anakusiya momwemo.

Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi anthu ankadzaza pabwalo pathu, ena ndi thobwa, ena ndi mtedza m'mipango. Apadiri anabwera tsiku lina kudzatidzudzula kuti tikuipitsa tsiku, koma ine ndinaona ndi maso anga phazi lawo likugunda pansi kunsi kwa mkanjo. Alamu sankapita kutchalitchi, choncho tinkapeza atasesa kale, mphasa atayala. Ikafika mbale ya dzina lawo ankathawira kuseri kwa nyumba, chitenje pakamwa, azimayi akuwaimbira nthungululu. A Banaba okha ndi amene ankagwira bokosi. Ine ntchito yanga inali ya mabatire, amene inu mumati mapilya. Ankalowa asanu ndi limodzi, akuluakulu, ndipo akafooka ndinkawayanika padzuwa kuti adzuke. Mwamva? Padzuwa. Kwathu kuno chilichonse mankhwala ake ndi dzuwa: usipa, ukonde, chinangwa cha kondoole, mabatire, ngakhale mphasa imene Tomasi ankakodzera, usandiyang'ane choncho, ndinkaiyanika ndine. Ndinakula ndikudziwa kuti chonyowa chimayanikidwa, basi.

A Banaba anangokhala zaka zitatu. Anabwera ndi chifuwa cha kumeneko, chinawadya pang'onopang'ono, n'kuwatenga nthawi yokolola. Titameta, amalume anakhala pansi kugawa katundu. Mwambo wathu mukuudziwa: katundu wa mwamuna amabwerera kwa abale ake, mkazi amatsala ndi miphika. Galamafoni ndi mbale anapatsa ine. Amalume ena anafuna kuwonjezera kuti ndilowenso chokolo. Alamu anayankha pamaso pa onse, osakweza mawu: "Bokosilo gawanani. Ine sindine sutikesi." Nkhani inathera pomwepo.

M'mawa mwake alamuwo anandipeza kugombe ndikusoka ukonde.

"Alamu," anatero, "pa katundu uja sindinapemphe kanthu. Ndikupempha chimodzi. Lamulungu lililonse muzindiikira mbale ija kamodzi."

Ndinati, "Alamu, zimenezo n'zosachita kupempha."

Ndipo ndinkachitadi, zaka ndithu. Alamu akanatha kubwerera kwawo, koma anakhala kuti asamale amayi. Tsopano sankathawiranso kuseri. Ankakhala pafupi ndi bokosi, manja pamiyendo, ikafika poseka paja nawonso n'kumwetulira, kenako n'kudzuka kukapitiriza ntchito zawo.

Kenako nkhondo inafika kunyanja kuno, yachiwiri ija, yapachiweniweni. Za nkhondo sindikuuzani lero, zili ndi tsiku lake. Ndingoti tinathawa mwezi wotentha, mvula isanagwe, pa boti la thanga la abale awo a alamu, kulowera ku Likoma. Ine ndinali nditakwatira kale malemu agogo anu aakazi, ndipo bambo ako iwe Tomasi anali kumsana. Aliyense analoledwa katundu mmodzi. Ena anatenga mbuzi, ena makina osokera. Ine ndinatenga bokosi ili, thumba la mbale n'kulipachika paphewa ngati ndi zovala. Chithunzi chokhacho cha a Banaba, chimene anajambulitsa ku Halale atavala tayi, chinatsala pakhoma, ndipo chinapsa ndi nyumba.

M'njira mpoto unatikumana. Mafunde ankalowa m'boti ngati wina akuthira ndi ndowa, ife kukapa ndi miphika, amayi kupemphera Chikhristu, eni boti Chisilamu. Bokosi ndinalikumbatira pachifuwa nditalikulunga m'jekete, ndipo silinanyowe. Thumba la mbale linali pansi pa mapazi, m'madzi, masiku awiri.

Titafika, achibale anatipatsa malo pafupi ndi gombe. Kutacha ndinamasula thumba. Zikwama zake zamapepala zinali zitasanduka phala, mbale zonse zonyowa, zomatirana. Azimayi anali atapita kukatola nkhuni. Pafupi pomwepo panali thandala la bango loyanikapo usipa, lopanda kanthu. Ndiye ine, mwana wa msodzi, ndinachita chimene manja anga ankadziwa. Ndinaziyala bwinobwino, imodziimodzi, zonse khumi ndi zinayi, motalikirana kuti mphepo izidutsa, monga amayi anandiphunzitsira ndi usipa. Ndinadziyamikira ndithu kuti ndine munthu wosamala. Kenako ndinapita kukathandiza kumanga msasa.

Ndinabwerera dzuwa lili paliwombo. Ana inu! Mbale zija zinali zitapindika ngati chikopa cha mbuzi chouma, zina zitalowa m'mipata ya bango. Nditagwira imodzi inandiotcha zala, yofewa ngati phula. Ya a Banaba inali itakwera mbali imodzi. Itazizira ndinaiika pagalamafoni, singano inangodumpha n'kugwera kunja. Ndinayesanso, chimodzimodzi.

Ndinakhala pansi pamchenga. Munthu wamkulu, wamwana, ndinalira ngati ndamenyedwa. Pamenepo ndikanapita kwa alamu n'kunena kuti ndalakwa. Akanalira, akanandinyoza, mwina mwezi osandilankhula, koma zikanatha. Ayi, mantha anandigwira, ndi manyazi. Munthu wataya nyumba, munda, chithunzi, ndiye ine ndikamuuze kuti mawu a mwamuna wake ndawaotcha pathandala ngati usipa? Taonani apa. Chitsulo chozungulirachi, pamene pamakhala mbale, chimatukuka. Kunsi kwake kuli lamba wa mpira wochokera ku kainjini, ndiye amachizungulitsa. Ndinamuchotsa lambayo ndi manja anga awa, n'kumuponya m'nyanja. Mbale ndinazibwezera m'thumba, n'kumanga mfundo zitatu.

Lamulungu alamu anabwera, n'kukhala pansi, manja pamiyendo. Ndinatsegula bokosi, ndinayatsa. Kainjini kanangong'ung'udza, chitsulo osayenda.

Ndinati, "Alamu, madzi aja analowa. Yafa."

Anayang'ana bokosi nthawi yaitali. "Nanga mbale?"

"Mbale zili bwino. Ndazisunga."

"Basi, bola iwo alipo. Bokosi lidzachira."

Bodza limenelo ndinalisenza zaka pafupifupi makumi anayi. Amayi anamwalira ku Likoma konko. Titabwerera kudzamanga pamabwinja, alamu anapita kwawo ku Meluluka, poti kuno kunalibenso wowakhalitsa. Tinkaonana pamaliro ndi paukwati, ndipo moni wawo unali umodzi: "Alamu, wodwala wathu ali bwanji?" Ine: "Zipangizo zake sizipezeka, alamu." Chaka china anandiuza kuti ku Metangula kwabwera mmisiri wa mawailesi. Titaonananso ndinati ndinapitako, walephera. Sindinapiteko. Kutchalitchi ndinkagwada kuulula machimo pamodzi ndi anzanga, koma ili ndinkalidumpha. Agogo anu aakazi okha ndi amene ankadziwa, ndipo mpaka akudwala matenda omaliza ankandiuza kuti, "Bambo, mlandu suola." Ine ndinkakalipa, mukundidziwa, ndinkamenyetsa chitseko n'kupita kugombe.

Chaka chatha, mwezi wotentha womwewo, foni inalira. Anali Amina, mdzukulu wa achemwali awo a alamu, amene ankawasamala.

"Agogo, kuno agogo adwala. Maso anafa kale, tsopano chakudya akukana. Akuti muwabweretsere bokosi lija. Akuti ngakhale lili lakufa, angoligwira, agwirenso mbale."

Agwire mbale! Munthu wosaona amaona ndi zala. Akanangoigwira, akanadziwa zonse. Ndinakhala pakhonde pano mpaka thukuta linauma, kenako ndinalowa n'kukoka bokosi kunsi kwa bedi.

Matenda abodza aja anali atasanduka enieni. Mavu anali atamanga nyumba yadothi pambali pa kainjini. Mphemvu zinabalalika ngati pamsika pagwa mvula. Pokhala mabatire panali dzimbiri lobiriwira. Ndinayamba chimodzichimodzi, ndipo mumvetse bwino, chifukwa mawa bokosili lidzakhala la mmodzi wa inu. Poyamba umaona kaye ngati moto ukufika. Dzimbiri ndinalipala ndi kampeni, n'kupukuta ndi madzi a mandimu, n'kuumitsa, pamthunzi. Mnansi wangayu anati tingolumikiza ku batire la sola zithe msanga. Ndinamuthamangitsa, mphamvu yake ndi yochuluka, ikanapsereza zonse. Ndinagula mabatire atsopano, koma kainjini kanakanabe. Mafuta akale anali atauma ngati ulimbo. Ndinawachotsa ndi kansalu ka parafini, n'kudontheza mafuta a makina osokera, dontho limodzi, osati kukhuthula ngati mukukazinga, n'kumazungulitsa ndi chala mpaka kanadzuka. Singano ndinaisesa ndi nthenga ya nkhuku, kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo. Cham'mbali ingathyoke, ndipo ina simungaipeze ngakhale ku Lichinga.

Lamba ndiye anandisautsa. Amene ndinamutaya m'kamphindi ndinamuvutikira masiku anayi. Ndinapeza chubu chakale cha galimoto, n'kumadula mozungulira ngati mphete. Woyamba anali wonenepa, kainjini kanalemedwa. Wachiwiri anali wotakasuka, ankaterereka, nyimbo n'kumamveka ngati woimba wachokera kumowa. Ndinkayesera pa mbale ina yaikulu ya nyimbo za Azungu, imene chapakati inali yosapindika kwambiri. Lamba wachisanu ndiye anagwira.

Tsopano kunatsala mbale ya a Banaba. Ndinapita ku Metangula kwa mmisiri, nthawi ino ndinapitadi, ndi manyazi anga onse. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti chimene chinapindika ndi kutentha chimawongoka ndi kutentha, koma pang'onopang'ono. Ndiiike pakati pa magalasi awiri osalala, pamwamba cholemera, pamalo ofunda, osati padzuwa. Masabata awiri, mwina atatu.

Ndinati, "Mwiniwake sakudya."

Iye anati, "Madala, mukafulumira mizere isungunuka. Mudzawongola mbale yopanda mawu."

Ndinazula magalasi a zenera ilo, n'chifukwa chake mpaka lero pali katoni, musamati agogo ndi aulesi. Ndinayamba ndi mbale ina, ndipo poti ine ndine ine, ndinaiika padzuwa ola limodzi kuti ndione ngati mmisiri amanama. Inatuluka yowongoka bwino, yonyezimira. Singano itayenda, munali mphepo yokhayokha, fooo. Chitsiru ine, dzuwa linachita kundiphunzitsa kawiri. Ya a Banaba ndinaitsuka ndi madzi owiritsa ozizira, n'kuiumitsa m'nyumba, n'kuiika pakati pa magalasi, pamwamba miyala ya ukonde. Ndinaikweza pamtanda uwo, kunsi kwa malata, pamene pamafunda masana.

Masiku amenewo sindidzawaiwala. Foni ikalira ndinkaithamangira. Tsiku lachisanu Amina anati, "Amwa phala pang'ono." Lachisanu ndi chitatu anati, "Akufunsa ngati mwanyamuka." Ndinati shapa yavuta, bodza lina pamwamba pa linzake. Ndinkaima pansi pa mtandawo n'kumayang'ana m'mwamba ngati wamisala. Ndikatsitsa msanga, mbale siimba. Ndikadikira, mwiniwake apita. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sananene kuti udekhe bwanji munthu akufa. Tsiku lakhumi ndi chiwiri Amina anati, "Agogo, ngati mukubwera, bwerani mawa." Ndinatsitsa. Sinawongoke yonse, taonani, mpaka lero ili ndi kafunde apa. Sindinaiyese. Ndinaopa kuti mwina yatsala ndi ulendo umodzi wokha, ndipo ulendowo sunali wanga.

Pashapa, wolipiritsa anafuna kukweza bokosi padenga. Ndinati, "Padenga? Padzuwa? Ukwerepo ndiwe!" Anthu anaseka, ine sindinaseke. Ndinalikhazika pamiyendo, mbale ili m'malaya pakati pa timatabwa tiwiri, ndipo msewu wa ku Meluluka mukuudziwa, dzenje lililonse ndinkalimva m'mano.

Ndinafika masana. Alamu anali atawagoneka pakhonde pamkeka, atatsamira khoma, atachepa ngati mwana. Anamva mapazi.

"Alamu, mwabwera naye wodwala wathu?"

"Ndabwera naye."

"Ndipatseni mbale."

Ndinagwada, n'kuwapatsa. Zala zawo zinayenda m'mphepete pang'onopang'ono, n'kuima pa kafunde paja. Zinabwerera, n'kuimanso pomwepo. Ndiye ndinanena zonse: thandala, lamba, mmisiri amene sindinapiteko, ngakhale shapa imene sinavute. Amina anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Alamu anati, "Bokosi silinafe?"

"Silinafe, alamu."

"Zaka zonsezi?"

"Zonsezi."

"Ine ndinkakupemphererani kuti mupeze zipangizo."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa ndodo. Mumtima ndinkayembekeza kuti anena kuti ankadziwa kale, kuti anandiona tsiku lija, kuti ndipepukidwe. Sankadziwa. Anandikhulupirira kuyambira ku Likoma mpaka pamkeka paja.

"Munandibera masiku ambiri, alamu."

"Ndinakuberani."

"Ikani."

Pamutu pa singano ndinali nditamata batani la malaya ndi phula, kuti ilemere pang'ono isadumphe pakafunde. Ena amaikapo ndalama yachitsulo, koma imalemera kwambiri, imadya mizere. Ndinayatsa, n'kutsitsa singano. Thethethe. Gitala inalowa, koma yolemera, yokoka miyendo. Kenako mawu, aakulu, apansi, ochedwa, ngati nkhalamba yotopa ikukwera chitunda.

Taonani kandodo aka. Uku palembedwa 33, uku 45. Mbale zazikulu zimayenda pang'onopang'ono, pa 33. Zazing'ono ngati iyi zimathamanga, pa 45. Ine poyesa lamba ndi mbale yaikulu ija ndinakasiya pa 33, ndipo ndi mantha ndinaiwala kukabweza.

"Ndani ameneyo?" alamu anafunsa.

"Pepani, ndalakwitsa liwiro. Ndikonze."

Ndinatambasula dzanja, koma anandigwira pamkono. Mphamvu anazitenga kuti, kaya.

"Asiyeni."

Nkhalamba ija inapempha mwera kuti ugone, pang'onopang'ono, singano ikukwera ndi kutsika pakafunde. Inadandaula za sopo. Inatchula dzina lija mokoka, n'kuseka, kuseka kochokera pansi pa chifuwa. Alamu anapendeketsa mutu.

"Kani akanakalamba chonchi," anatero.

Itatha ndinakankha kandodo pa 45, n'kuyambanso. Ana inu, a Banaba anafika pakhonde paja, mnyamata, mawu akuthwa, othamanga, osadziwa kuti kuli chifuwa, osadziwa kuti kuli nkhondo. Ine ndinalephera kudzigwira, ndinalira mokweza pakhomo pa eni. Ndinali nditaiwala mawu a akulu anga, ndipo wondiiwalitsa ndinali ine ndemwe. Alamu sanalire. Anakoka chitenje n'kuphimba pakamwa, monga ankachitira kuseri kwa nyumba ku Msumba.

"Ndi iwowo," anatero.

"Ndiikenso?"

"Ikaninso. Koma bwezerani kwa nkhalamba kuja. Mnyamatayu akandiona chonchi sandizindikira."

Ndinabweza pa 33. Ndinawaikira kanayi tsiku limenelo, ndiponso m'mawa mwake, mpaka mabatire anayamba kufooka, nkhalamba ija n'kumakalambirakalambira. Anamwalira tsiku lachitatu, ndipo tinawaika tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu. Mawu oti ndakukhululukirani sanawanene. Ine sindinawapemphe, ndinalibe nkhope yopemphera. Atandigwira pamkono paja sanachotse dzanja mpaka nyimbo itatha, ndipo chimenecho ndi chimene ndili nacho.

Tomasi, ndakuona ukugwiragwira thumba. Tulutsa foniyo, ujambule, ndakulola. Mawu amenewa asakhalenso m'manja mwa munthu mmodzi, poti munthu mmodziyo akhoza kukhala ngati ine. Marita, kankha tebulo, dzuwa layamba kufika pakona apo. Luwiza, bwera, ndiwe unaiyamba nkhaniyi. Gwira m'mphepete, ndi zikhatho. Eya, choncho. Ayi, kandodoko usakasunthe, kali pomwe anakasiya alamu. Mnyamatayo mumumva pambuyo pake. Lero ndi Lamulungu, tiyamba ndi wawo. Tsitsa singano pang'onopang'ono.